Chithunzi Chokonzedwa ndi Chithunzi Chokokomeza: Kaphunzitsidwe Kake m'Sitandade 7 ndi 8

Mphunzitsi amene watumizidwa ku sukulu ya ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Machinjiri apeza kuti ana ake adziwa kale kusintha nkhope ya munthu pa chithunzi, ngakhale ambiri a iwo sadakhudzepo kompyuta. M'foni ya mlongo wawo kapena ya amalume awo muli pulogalamu imene iyeretsa khungu, kuchepetsa mphuno ndi kukulitsa maso mwa kungogusa ndi chala. Popita ku sukulu apyola zikwangwani za oimba ndi za alaliki, ndipo nyengo ya chisankho ikafika aonanso nkhope za andale zitamatidwa pa mitengo ndi pa mipanda, zonse zosalala ngati dzira, zopanda khwinya ngakhale limodzi. Madzulo aseka chithunzi chimene chabwera pa WhatsApp, cha munthu amene amuika mutu waukulu ngati dzungu pa thupi la khanda.

Aphunzitsi ena akaona zotere angouza ana kuti asakhulupirire zithunzi. Langizo limeneli silipita patali, pakuti mwana yemweyo mawa afunika chithunzi cha pa chiphaso cha mayeso a MANEB, ndipo akakula afunika chiphaso cha unzika, kumene chithunzi chiyenera kukhulupiriridwa. Kufunsa kuti "Kodi chithunzichi chasinthidwa?" nakonso sikuthandiza kwenikweni, popeza masiku ano foni yokha ikonza chithunzi mwini wake asadachione nkomwe. Mafunso amene tifuna kuti mwana atuluke nawo m'kalasi ndi awiri: Kodi chithunzichi chikuvomera poyera kuti chasinthidwa, kapena chikubisa? Nanga mwini nkhopeyo adalola? Nkhani ino ilongosola zimene mphunzitsi ayenera kudziwa iye mwini, kenaka maphunziro atatu amene angathe kuchitika popanda magetsi.

Luso lakale m'chida chatsopano

Kukonza chithunzi sikudayambe ndi kompyuta. Funsani makolo a ana anu za situdiyo za m'taunishipi za zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Kumbuyo kunkapachikidwa chinsalu chojambulidwa nyumba zosanjikizana kapena munda wa maluwa. Munthu ankabwereka jekete, nkugwira wailesi imene siyake kapena telefoni yopanda chingwe, ndipo chithunzicho chinkatumizidwa kumudzi kuti abale aone kuti m'tauni zinthu zikuyenda. Wojambula waluso ankadziwanso kupaka pensulo pa filimu yotsukidwa kuti ziphuphu zisaoneke, ndi kuthira utoto pa chithunzi chakuda ndi choyera. Sizidali za kwathu kuno kokha. Ku Bamako m'dziko la Mali, Seydou Keïta, amene adatsegula situdiyo yake mu 1948, ankasungira makasitomala ake mawailesi, mawotchi ndi njinga zamoto zoti ajambulitse nazo, ndipo lero zithunzi zake zimaonetsedwa m'nyumba zazikulu za zaluso ku Ulaya ndi ku America.

Palinso kukonza kwina kumene cholinga chake sichidali kukongoletsa. Ku Soviet Union, mkulu wa apolisi achinsinsi Nikolai Yezhov adajambulidwa akuyenda ndi Stalin m'mbali mwa ngalande ya madzi. Iye ataphedwa mu 1940 adafufutidwa pa chithunzicho, ndipo pamene adaima padangotsala madzi. Mu 1982 magazini ya National Geographic idasendeza mapiramidi a ku Giza kuti akwane pa chikuto chake. Mu 1994 magazini ya Time idadetsa nkhope ya O.J. Simpson pa chithunzi chimene apolisi adamujambula, ndipo anthu adazindikira chifukwa Newsweek idasindikiza chithunzi chomwecho chosasintha sabata yomweyo.

Chimene chidasintha ndi kufulumira ndi kutchipa kwa ntchitoyi. Pulogalamu ya Photoshop, imene adaipanga Thomas Knoll ndi mbale wake John, idayamba kugulitsidwa ndi kampani ya Adobe mu 1990. Ntchito imene inkatenga katswiri tsiku lathunthu tsopano aichita mnyamata wa pa kashopu kosindikiza makadi a ukwati ku Zingwangwa tiyi wake asadazizire. Chidasinthanso china: ntchitoyi sisiya chipsera. Amalawi akumbukira mapepala a zotsatira za chisankho cha 2019 amene adafufutidwa ndi tipeksi, mpaka khoti lidathetsa chisankhocho pa 3 February 2020. Tipeksi imaoneka ndi maso. Kufufuta kwa kompyuta, kukachitidwa bwino, sikuoneka.

Chimene makina achita

Mphunzitsi asaope mbali iyi, pakuti ndi masamu a ku pulaimale. Chithunzi cha m'foni ndi timadontho tambirimbiri toyalidwa m'mizere ngati njerwa za khoma. Kamera imene ilembedwa kuti 12 MP ijambula timadontho pafupifupi 12 miliyoni. Kadontho kalikonse kali ndi nambala yake: pa chithunzi chakuda ndi choyera, 0 ndi kuda bii, 255 ndi kuyera mbee, ndipo manambala a pakati ndi kutuwa kosiyanasiyana. Pa chithunzi cha mitundu kadontho kakhala ndi manambala atatu, ya kufiira, ya kubiriwira ndi ya buluu. Tsono kusintha chithunzi ndiko kusintha manambala basi.

Tengani timadontho tisanu ta pa tsaya la munthu: 90, 92, 40, 91, 87. Kadontho ka 40 nkakuda kuposa tinzake, ndipo mwina ndi chipsera. Pulogalamu yosalaza khungu iwonkhetsa manambalawa, 400, nkugawa ndi 5, nkupeza 80, ndipo iika 80 pa timadontho tonse. Chipsera chapita. Ikawonjeza 60 pa kadontho kalikonse, tonse tikhala 140, ndipo munthu uja wayera. Mapulogalamu enieni ali ndi njira zochenjera kuposa iyi, koma maziko ake ndi omwewa. Onani kuti makinawo sasiyanitsa chiphuphu ndi mphini za agogo. Zonse kwa iwo ndi manambala amene asemphana ndi anzawo, ndipo zonse azichotsa.

Njira yachitatu ndi yokoka. Pulogalamu iyala ukonde wosaoneka pamwamba pa chithunzi, ndipo munthu akakoka mfundo imodzi ya ukondewo timadontho tonse ta pafupi titsatira. Akakoka pang'ono, mphuno ichepa ndipo palibe amene azindikira. Akakoka kwambiri, chibwano chifika pa chifuwa ndipo aliyense aseka. Mfundo iyi ndiyo msana wa maphunziro athu: chida chokongoletsa mobisa ndi chida choseleula poyera nchimodzi, kusiyana kwake ndi kukula kwa kukokako ndi mtima wa wokokayo.

Kukokomeza ndi malo ake

Chithunzi chokokomeza, chimene ambiri angochitcha katuni, chitenga chinthu chimodzi chodziwika pa nkhope ya munthu nkuchikulitsa kufikira aliyense aone kuti nchadala. Sichinamiza munthu, chifukwa palibe amene angakhulupirire kuti makutu a munthu afika pa mapewa. Mphamvu yake ili pa kudzudzula. Mu 1831 Honoré Daumier wa ku France adajambula mfumu Louis-Philippe ngati chimphona chamimba yaikulu chikumeza ndalama za anthu osauka, ndipo chaka chotsatira adakhala m'ndende miyezi 6.

Kuno kwathu, pa nthawi ya chipani chimodzi, chithunzi cha Dr. Kamuzu Banda chinkapachikidwa m'maofesi ndi m'masitolo, ndipo kuchijambula moseleula sichidali chinthu choti munthu nkuchiganizira. Ojambula a m'nyuzipepala ankapeka anthu awoawo, monga Joza wa Vic Kasinja ndi Pewani wa Brian Hara, ndipo kudzera mwa iwo ankaseka moyo wa m'tauni. Referendamu ya pa 14 June 1993 itachitika, nyuzipepala zidachuluka ndipo nkhope za andale zidayamba kukokedwa poyera. Owerenga adadziwa Zabweka wa Hara yemweyo, Amtchona a James Kazembe ndi Puludzu wa Haswell Kunyenje. Makatuni otere ndi zipangizo zabwino za phunziro, ndipo mphunzitsi wanzeru amawadula nkuwasunga m'katoni.

Ana ayenera kuona kuti kukokomeza sikudabwere ndi nyuzipepala. M'Gule Wamkulu, amene UNESCO idamulemekeza mu 2005, muli zilombo monga Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya, zimene maonekedwe ake akokomeza khalidwe la anthu ena kuti mudzi useke ndi kuphunzirapo. Apa mphunzitsi angotchula zimene anthu onse aona pa bwalo. Za ku dambwe si zake, ndipo m'kalasi ya ku Blantyre muli ana a mitundu ndi zipembedzo zambiri. Chitsanzo chosavuta ndi chisuwani. Msuwani akhoza kukunena kuti mutu wako ngwa mtondo, iwe nkumubwezera, nonse nkuseka. Mawu omwewo akachokera kwa mlendo pa msika wa Chilomoni pamaso pa khamu, ndi mlandu. Mawu sadasinthe, koma pa asuwani pali chilolezo ndipo onse awiri ali ndi mwayi wobwezera. Mwana amene chithunzi chake chapotozedwa nkutumizidwa ku mafoni 200 sadalole, ndipo alibe pobwezera.

Phunziro loyamba: ukonde

Phunziro ili liyenera nthawi ya Expressive Arts, ndipo lifuna mapiriyodi awiri otsatizana. Zipangizo zake ndi za TALULAR: masupuni angapo owala, chidutswa cha chubu chakale cha njinga, choko, chingwe, marula ndi mapepala.

Yambani ndi supuni. Ana adziyang'anire kumbuyo kwake nkunena chimene chachitika ku mphuno ndi ku mphumi. Kenaka jambulani nkhope ndi choko pa chubu, ana awiri akoke uku ndi uku, ndipo kalasi ione nkhope ikutambasuka ndi kubwerera. Musafotokoze kanthu msanga. Funsani kuti chasintha nchiyani, nanga chimene sichidasinthe nchiyani. Ana ena azindikira okha kuti palibe chimene chawonjezedwa kapena kuchotsedwa, koma mipata yokha ndiyo yasintha.

Tsopano jambulani pa bolodi ukonde wa mabokosi 6 m'mbali ndi 8 kutsika, onse ofanana. Chingwe chopakidwa choko chikamenyedwa pa bolodi chisiya mzere woongoka, ndipo nchofulumira kuposa rula. M'kati mwa ukondewo jambulani nkhope. Pambali pake jambulani ukonde wachiwiri wa mabokosi ochuluka chimodzimodzi, koma mizere ya pa mphuno italikirane kawiri ndipo ya pa chibwano ithinane. Ana akopere ukonde wachiwiriwu m'mapepala awo, ndipo asamutse nkhope bokosi ndi bokosi, chimene chili m'bokosi lachitatu la mzere wachinayi chipite m'bokosi lomwelo ngakhale lakula. Njira iyi njakale: Albrecht Dürer wa ku Germany adaisonyeza m'buku lake la kaonekedwe ka thupi la munthu limene lidatuluka mu 1528. Potsiriza gulu lililonse lipange ukonde wachitatu umene mizere yake yasunthidwa pang'ono chabe, mwina ndi mamilimita awiri. Nkhope imene ituluka pamenepa ioneka yeniyeni, koma si ija ya poyamba. Ikani zithunzi zitatuzi pamodzi ndipo funsani kuti chowopsa kwambiri nchiti. Ambiri ayamba kuloza cha mphuno yaikulu. Apatseni nthawi atsutsane kufikira wina anene kuti chachitatu ndicho chikhoza kunamiza munthu.

Nkhope yoti ijambulidwe ifuna kuganiziridwa bwino phunziro lisadayambe. Isakhale ya mwana aliyense wa m'kalasi, ngakhale mwanayo adzipereke yekha, chifukwa dzina limene anzake amupatsa tsiku limenelo likhoza kumutsatira mpaka ku sekondale. Isakhalenso ya wandale aliyense. Mphunzitsi wolimba mtima agwiritsa ntchito nkhope yake, ndipo ulemu wake sutsika nazo. Amene safuna kutero apeke nkhope, kapena ajambule mbuzi. M'kalasi ya ana oposa 100, monga zilili m'masukulu ena a m'mataunishipi, gawani ana m'magulu a 8 kapena 10 okhala ndi rula imodzi, ndipo yendayendani, chifukwa kumbuyo kwa kalasi ndiko kumene chithunzi cha mnzawo chijambulidwa mobisa. Nenani poyamba, mosaseka, kuti chilema, chibwibwi, khungu la mwana wachialubino ndi zovala zong'ambika sizijambulidwa m'kalasi mwanu.

Phunziro lachiwiri: kudula, kumata ndi kufufuza

Ili ndi lalifupi ndipo ana alikonda. Gulu lililonse lidule zithunzi m'nyuzipepala zakale nkumata munthu pamalo pamene sadafikepo, mwachitsanzo wosewera mpira pamwamba pa phiri la Ndirande. Phala la ufa wa chinangwa limata bwino. Magulu asinthane ntchito zawo, ndipo lililonse lilembe zizindikiro zimene zikuulula chinyengo. Kuona maso a nkhono nkudekha: mthunzi wa munthu uloza kwina pamene wa mtengo uloza kwina, kukula kwa mutu sikugwirizana ndi thupi, m'mbali mwa munthu muli kamzere kowala.

Pa zizindikirozi mphunzitsi awonjeze za kompyuta. Kumene munthu wachepetsedwa m'chiuno, mphuthu za chitseko kapena mizere ya njerwa ya kumbuyo kwake ipindika, chifukwa ukonde uja ukoka zonse. Nkhope iyera kuposa khosi ndi manja. Khungu likhala lopanda timabowo ngati pulasitiki. M'mwezi wa March 2024 mabungwe ofalitsa nkhani monga AP ndi Reuters adachotsa chithunzi cha Catherine, mkazi wa Prince William, ali ndi ana ake, ataona kuti mkono wa juzi la mwana wake wamkazi sudalunjike bwino, ndipo iye adavomera kuti adachikonza.

Koma musawauze ana kuti maso okha akwanira. M'mwezi wa March 2023 anthu ambiri padziko adakhulupirira chithunzi cha malemu Papa Francis atavala chijasi choyera chofutukuka, chimene sichidajambulidwe ndi kamera konse koma chidapangidwa ndi pulogalamu ya Midjourney. Zolakwa zimene mapulogalamu otere ankachita, monga zala zisanu ndi chimodzi, zikucheperachepera. Nchifukwa chake phunziroli lithere pa mafunso amene sakalamba: chithunzichi chachokera kwa yani, woyamba kuchitumiza afuna ife tichite chiyani, ndipo kodi wailesi kapena nyuzipepala yodalirika yanenapo za nkhaniyi?

Phunziro lachitatu: khungu

Phunziro ili ndi la Life Skills, ndipo ndilo lovuta pa onse. Lembani pa bolodi manambala asanu aja, ana apeze okha 80, kenaka awonjeze 60. Afunseni kuti nchifukwa ninji pulogalamu imene itchedwa yokongoletsa kawirikawiri iwonjeza manambala m'malo mochotsera. Adasankha ndani kuti kukongola kuli cha ku 255?

Yankho lake lili ndi mbiri. Kwa zaka zambiri, kuyambira m'ma 1950, otsuka zithunzi za Kodak ankalinganiza makina awo potsata khadi la chitsanzo lokhala ndi mayi wachizungu, kotero kuti nkhope zakuda zinkatuluka zosaoneka bwino. Mu 2017 eni pulogalamu ya FaceApp adapepesa anthu atadandaula kuti mbali yake yokongoletsa inkayeretsa anthu akuda. Kumbali ina, kampani ya Transsion, imene ipanga mafoni a Tecno ndi itel odziwika m'misika yathu, idakonza makamera ake kuti azijambula bwino khungu lakuda, ndipo ichi nchimodzi mwa zifukwa zimene mafoniwo adayanjidwira mu Africa. Zonsezi zisonyeza kuti makina satsata chilengedwe, atsata zimene anthu adawauza.

Mwana amene tsiku ndi tsiku adziona m'foni ali woyera, wa mphuno yosongoka, akhoza kuyamba kudana ndi galasi. Kuchokera pamenepo ulendo wopita ku mafuta oyeretsa khungu a pa msika ndi waufupi. Akuluakulu akumbukira mafuta a Ambi ndi nthabwala ya nkhope ya Fanta pa miyendo ya Kokakola. Ena mwa mafuta otere ali ndi mankhwala a hydroquinone kapena mercury, amene aononga khungu, ndipo mercury aononganso impso. Dziko la South Africa lidaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komabe mphunzitsi asalalikire, ndipo asatchule mayi wa mwana aliyense, pakuti m'kalasi momwemo muli ana amene amayi awo adzola mafutawo. Nkwabwino kuchititsa mtsutso pa mutu uwu: "Chithunzi chilichonse chokonzedwa chiyenera kulembedwa kuti nchokonzedwa." Otsutsana auzidwe kuti dziko la France lidayamba kulamula zotere pa zithunzi zotsatsa malonda mu 2017, ndipo Norway mu 2022. Mbali yotsutsa nayo ili ndi mfundo zomveka. Banja limene lataya mayi lipita ku kashopu ndi kachithunzi kakale kong'ambika, kuti kakonzedwe ndi kusindikizidwa pa pulogalamu ya maliro kapena pa nsalu ya pa chiliza. Kodi chimenechi nchinyengo? Ana aone kuti pano onse adziwa chimene chachitika ndipo eni ake apempha okha.

Za lamulo

Ana a Sitandade 8 ayenera kumva kuti nkhaniyi ikhoza kufika ku polisi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 liletsa kuzunza kapena kunyoza munthu kudzera pa intaneti, ndipo chilango chake ndi chindapusa kapena ndende. Mu 2019 munthu wina adamangidwa ataika pa Facebook chithunzi chofanizira Mayi Gertrude Mutharika, mkazi wa mtsogoleri wa dziko, ndi Rango, kanyama ka m'filimu ya katuni. Mabungwe oteteza ufulu wa anthu adadzudzula kumangidwako, ponena kuti anthu a maudindo ayenera kupirira nthabwala. Mphunzitsi sayenera kugamula mlanduwu m'kalasi. Chimene angachite ndi kusonyeza kuti ngakhale amene ateteza katuni ya munthu waudindo sateteza kupotoza chithunzi cha mtsikana wa Sitandade 7, chifukwa katuni ya Daumier idaloza mfumu imene idali ndi asilikali, osati mwana wa m'kalasi yoyandikana. Chithunzi chotere chikapezeka pa sukulu, mphunzitsi wophunzira ntchito asachitumize ku foni yake kapena kwa anzake ngakhale pofuna umboni. Adziwitse mphunzitsi wamkulu tsiku lomwelo, ndipo makolo a ana onse awiri aitanidwe.

Kuyesa ana

Poyesa ngati ana amvetsa, musawalembetse matanthauzo. Matani pa tchati zithunzi zisanu zodulidwa: katuni ya m'nyuzipepala, chikwangwani cha woimba, chithunzi chotsatsa sopo, chithunzi cha nkhani ya ngozi, ndi chimodzi mwa zomata zimene gulu lina lidapanga. Pa chilichonse mwana alembe ziganizo ziwiri, chimodzi chonena ngati chithunzicho chikuvomera kuti chasinthidwa, china chonena ngati akuganiza kuti mwini nkhope adalola ndi chifukwa chake. Malikesi aperekedwe pa chifukwacho, osati pa "inde" kapena "ayi". Amene muli pa ntchito yoyeserera uphunzitsi musunge mayankho a ana okhudza chithunzi chotsatsa sopo, ndipo mudzabwere nawo ku koleji kuti tidzawayerekeze ndi a anzanu amene adaphunzitsa m'masukulu a kumidzi.